Teams itakana kulowetsa anthu pa ofesi ina ku Kasungu: zomwe zidapezeka ndi momwe zidakonzedwera

Ofesi yomwe lipotili likukamba ndi ya bungwe lina logwira ntchito ndi alimi a mtedza ndi soya. Likulu la bungweli lili ku Lilongwe, ofesi ya m'boma ili m'tauni ya Kasungu, ndipo alangizi ake amakhala ku Santhe, ku Chamama ndi ku Nkhamenya. Malipoti a sabata, msonkhano wa Lolemba m'mawa, ngakhale kalata yopempha mafuta a njinga yamoto, zonse zimadutsa pa Microsoft Teams. Ofesi idatseka pa Khirisimasi. Itatsegulidwa mu Januwale, mvula ili mkati, anthu angapo adalephera kulowa. Dandaulo lawo lidali limodzi: "Teams ikukana, ikungozungulira."

Amisiri asanaitanidwe, bambo amene ali ndi mphamvu yoyang'anira maakaunti pa ofesipo adasintha pasiwedi ya aliyense, olephera ndi osalephera omwe, poganiza kuti zonse zatha ntchito pa tchuthi. Cholinga chidali chabwino, koma apa ndi pomwe vuto lidakulira. Munthu akalowa bwino pa Teams, seva imapatsa kompyuta yake chiphaso chomwe amisiri amachitchula token, ndipo ndi chiphasocho chimene chimamulowetsa tsiku ndi tsiku osafunsidwanso pasiwedi. Woyang'anira akasintha pasiwedi, ziphaso zomwe zidaperekedwa ndi pasiwedi yakale zimafa. Ndiye anthu amene m'mawa adali mkati bwinobwino adatulutsidwa pa laputopu ndi pa foni pomwe, n'kuyamba kufunsidwa pasiwedi yatsopano komanso chitsimikizo cha pa foni. Pofika masana olephera adachuluka kuposa m'mawa.

Pempho lidafika ku seva kapena lidathera panjira?

Funso loyamba pa vuto lililonse lolowera ndi limeneli, ndipo yankho lake silifuna kukhudza kompyuta ya munthu. Maakaunti a kuntchito a Teams amasungidwa mu Microsoft Entra ID, yomwe mpaka mu chaka cha 2023 inkadziwika kuti Azure Active Directory. Woyang'anira amatsegula entra.microsoft.com, kupita pa Sign-in logs, n'kusefa ndi dzina la munthu. Kuyesa kulikonse komwe kudafika ku seva kumalembedwa pamenepo: nthawi, pulogalamu, chipangizo, ndi nambala ya vuto ngati kudalephereka. Amene ali pa laisensi yaulere zolembazi zimasungidwa masiku 7 okha, pomwe a laisensi yolipira ya P1 kapena P2 ndi masiku 30, choncho osazengereza. Onaninso ngati tsambalo likuonetsa nthawi ya UTC, yomwe dziko lonse lapansi limawerengerapo nthawi. Ngati ndi choncho onjezani maola 2 kuti mupeze nthawi ya kuno.

Mzere ukapezeka, vuto lili pa akaunti, pasiwedi kapena chitsimikizo. Ukasowa, ngakhale munthu akulumbira kuti wayesa kambirimbiri, ndiye kuti pempho silidatuluke m'kompyutamo, ndipo kusintha pasiwedi sikungathandize kanthu. Yang'anani wotchi ndi netiweki.

Kuyesa kwachiwiri n'kosavuta: tsegulani Edge kapena Chrome pa windo la InPrivate kapena Incognito, lembani teams.microsoft.com, munthuyo alowe. Akalowa pamenepo koma pulogalamu ya pa kompyuta n'kumakanabe, akaunti ili bwino, chodwala ndi pulogalamuyo. Mayeso awiriwa adagawa odandaula a ku Kasungu m'magulu, ndipo gulu lililonse lidali ndi nthenda yakeyake.

Wotchi

Makompyuta awiri a patebulo, ya ku akaunti ndi ya pa resepushoni, sadaoneke n'komwe m'zolemba za seva. Chrome itatsegulidwa idalemba kuti wotchi yatsalira, ndi nambala ya vuto NET::ERR_CERT_DATE_INVALID. Pakona ya sikirini tsiku lidali litabwerera zaka zingapo m'mbuyo.

Chidachititsa ndi ichi. Potseka ofesi, mlonda adauzidwa kuzula mapulagi onse kukhoma poopa ziphaliwali, zomwe ndi nzeru ndithu nyengo ya dzinja. Kompyuta ya patebulo ikakhala yolumikizidwa kukhoma, wotchi yake imadya magetsi ochepa omwe amalowabe ngakhale yazimitsidwa. Ikazulidwa, wotchiyo imadalira kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo komwe kali pa motherboard, ka mtundu wa CR2032, ka mavoti 3. Pa makina akale kabatireka kamakhala kadatha kalekale, kungoti palibe adazindikira chifukwa pulagi siinkazulidwa nthawi yaitali. Wotchi ikabwerera m'mbuyo, kompyuta imaona satifiketi ya tsamba lolowera ngati yomwe tsiku lake loyamba kugwira ntchito silinafike, ndipo imadula kulumikizana isanatumize ngakhale dzina la munthu. N'chifukwa chake ku seva kudalibe mzere.

Kusintha kabatireka ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma ili ndi misampha yake. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze zamkati. Kabatire kamagwidwa ndi kachitsulo kam'mbali. Mukakakankha ndi chikhadabo kamadumpha kokha. Katsopano kalowe mbali yolembedwa + ikuyang'ana kumwamba. Ngati muli ndi multimeter, chipangizo chopimira magetsi, pimani katsopanoko musanakaike, chifukwa mabatire ena a m'mashopu amakhala atagona nthawi yaitali pa shelefu: kabwino kamaonetsa mavoti 3 kapena kupitirira pang'ono. Mukayatsa lowani mu BIOS, tsamba la zosankha za kompyuta lomwe limatsegulidwa Windows isanadzuke, pa makina ambiri podina F2, F10 kapena Delete, muike tsiku ndi nthawi. Musatuluke msanga. Batire likafa, zosankha zina za mu BIOS zimabwereranso momwe zidachokera ku fakitale, ndipo Windows ikhoza kukana kudzuka ngati njira yolumikizira hard disk yasintha. Ngati disk ndi yotsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza mafayilo, kompyuta ikhoza kupempha kiyi ya manambala 48. Ipezeni musanatsegule bokosi, osati sikirini ya buluu itaima kale pamaso panu amayi a ku akaunti akudikira kulipira anthu.

Ena amafunsa chifukwa chake Windows siikonza yokha nthawi ikapeza intaneti. Pa kompyuta yomwe siili mu domain, kutanthauza kuti siilamulidwa ndi seva ya bungwe, Windows Time, yomwe imakonza wotchi, imakana kudumpha maola oposa 15 nthawi imodzi. Mukalemba w32tm /resync pa Command Prompt ya woyang'anira, imayankha kuti kusinthako n'kwakukulu kwambiri. Ikani kaye tsiku ndi dzanja kuti liyandikire, kenako w32tm /resync imalize za masekondi. Ikanena kuti service siikuyenda, yambani ndi net start w32time. Lamulo la w32tm /query /status limaonetsa komwe nthawi ikutengedwa ndi pomwe idatengedwa komaliza.

Laputopu ya mayi woyang'anira mapulojekiti ndi imene idavuta kwambiri kuizindikira, chifukwa wotchi yake inkaonetsa tsiku lolondola ndi nthawi yolondola, 8 koloko m'mawa monga pa foni ya aliyense. Koma Teams inkalandira pasiwedi, kuzungulira, n'kubwereranso pofunsa pasiwedi, ndipo nthawi zina inkaonetsa 0xCAA20003. Microsoft yeniyeniyo imati nambala imeneyi ikaoneka muyang'ane tsiku ndi nthawi. Mu Settings, pa Time & language, chigawo cha nthawi chidali pa Pacific Time, cha kumadzulo kwa America, momwe Windows idaikidwira ndi amene adagulitsa laputopuyo. Set time automatically idali yozimitsa.

Mayiwo adafotokoza kuti wotchi inkangosintha yokha n'kumaonetsa 10 koloko usiku kunja kuli m'mawa, ndiye adazimitsa zosintha zokhazo n'kuikonza ndi dzanja. Masamu ake ndi awa. Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse. Pacific Time mu Januwale ili pa UTC-8. Pamene ku Kasungu ili 8 koloko m'mawa, UTC ndi 6 koloko m'mawa, ndipo ku Pacific ndi 10 koloko usiku wa dzulo lake. Kompyutayo inkanena zoona malinga ndi chigawo chomwe idauzidwa. Atailemba 8 koloko m'mawa chigawo osasintha, mkati mwake idayamba kuwerenga kuti UTC ndi 4 koloko madzulo, kutsogola ndi maola 10. Kupatula chiphaso chija cha tsiku ndi tsiku, seva imaperekanso china chomwe chimakhala ndi moyo wa pakati pa mphindi 60 ndi 90. Chili ngati tikiti ya msonkho wa pamsika, yomwe imagwira ntchito tsiku lomwe yadulidwa basi: kwa kompyuta yomwe wotchi yake ili patsogolo chotere, chiphaso chongoperekedwa kumene chimaoneka chakale. Imachitaya, kupempha china, n'kuchitayanso.

Mankhwala ake ndi kusankha chigawo cha (UTC+02:00) Harare, Pretoria, kuyatsa Set time automatically, n'kudina Sync now. Musasankhe Cairo kapena Athens poona kuti nazo zalembedwa +02:00; madera amenewo amasuntha wotchi ndi ola limodzi miyezi ina, ndipo vuto lidzabweranso pakati pa chaka. Laputopu iliyonse yogulidwa yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena yoikidwa Windows kushopu, iyenera kuonedwa chigawo cha nthawi tsiku lomwe yafika pa ofesi. Kungoyang'ana pakona ya sikirini sikokwanira.

Pasiwedi yolondola, kiyibodi yolakwa

Mnyamata wolowetsa mayina a alimi m'kompyuta adali ndi mizere yambiri m'zolemba: 50126 kangapo, kutanthauza kuti dzina kapena pasiwedi n'zolakwika, kenako 50053, akaunti yatsekedwa kwakanthawi. Pasiwedi yatsopano adapatsidwa papepala ndipo ankaikopera chilembo ndi chilembo. Idali ndi zizindikiro za @ ndi #.

Mabatani a laputopu yake adalembedwa mwa ku UK, koma Windows inkawerenga kiyibodi ya ku US. Pa kiyibodi ya US, @ imatuluka ndi Shift ndi 2. Pa ya UK, pa batani la 2 pajambulidwa chizindikiro chogwira mawu, ndipo @ ili pafupi ndi Enter. Nayo # ili malo osiyana: ya US ili pa Shift ndi 3, pomwe ya UK pamenepo pali £. Mnyamatayo ankadina chomwe maso ake akuona, kompyuta n'kumalemba china, ndipo timadontho tobisa pasiwedi tinkaphimba zonsezo. Imelo yake sankailemba, inkabwera yokha, n'chifukwa chake sadazindikire msanga. Kuti mugwire vutoli, munthuyo adine kachizindikiro ka diso m'bokosi la pasiwedi, kapena alembe zizindikiro zokhazo mu Notepad. Kiyibodi imasinthidwa ndi batani la Windows pamodzi ndi Space, ndipo yosafunikayo ndi bwino kuichotseratu mu Settings kuti isamabwerere mwangozi.

Za kutsekedwako palibe chofunika kuchita koma kudikira. Entra ikasiyidwa momwe idabwerera imatseka akaunti kwa masekondi 60 munthu akalakwitsa ka 10, ndipo akapitiriza nthawi yotsekayo imatalika. Kubwereza pasiwedi yolakwika imodzimodzi sikuwerengedwa kambiri. Chomwe chimatseketsa ndi kuyesa mitundumitundu, monga adachitira mnyamatayu atayamba kukayikira kuti mwina chilembo china n'chachikulu.

Foni yomwe kulibenso

Mlangizi wa ku Chamama adaberedwa foni pa tchuthi. Adagula ina, adabwezeretsa nambala yake, koma sadauze aliyense ku ofesi popeza pa laputopu Teams inkatsegukabe. Pasiwedi itasinthidwa, seva idapempha chitsimikizo kudzera pa Microsoft Authenticator, pulogalamu ya pa foni yomwe idapita ndi foni yobedwayo. M'zolemba mudaoneka kuti pasiwedi yadutsa, koma gawo lachiwiri silidamalizike, ndi 500121. Kuika Authenticator pa foni yatsopano pakokha sikuthandiza. Seva imadziwa foni yakale ija, ndipo yatsopano iyenera kulembetsedwa ndi munthu amene walowa kale.

Asanachite china chilichonse, woyang'anira atsimikize kuti wopemphayo ndi mwiniwake wa akaunti. Meseji ya pa WhatsApp yoti "bwana ndataya foni, ndichotsereni chitsimikizo" ndi yomwenso wakuba angatumize, makamaka foniyo ili m'manja mwake. Pa nkhani iyi mlangiziyo adatsimikizidwa pakamwa kudzera kwa mkulu wake amene amadziwa mawu ake. Kenako, pa tsamba la munthuyo mu Entra, pa Authentication methods, foni yakale idachotsedwa, ndipo Revoke sessions idadinidwa kuti Teams ndi Outlook za m'foni yobedwa zife. Adapatsidwa Temporary Access Pass, pasiwedi yakanthawi yomwe imalowetsa munthu popanda foni. Njirayi iyenera kuyatsidwa kaye pa malamulo a Authentication methods a bungwe lonse, ndipo ikasiyidwa momwe ilili imakhala ola limodzi. Choncho muitulutse munthuyo ataima kale pomwe netiweki ikugwira, laputopu ili ndi moto, Authenticator yaikidwa kale pa foni. Akalowa pa aka.ms/mysecurityinfo amasankha Add sign-in method, n'kujambula QR code ndi foni yatsopano. Pomwepo aonjezerenso nambala ya foni ngati njira yachiwiri, asankhe +265 ndipo asalembe 0 woyambirira. Meseji ya SMS si njira yolimba ngati Authenticator, koma kwa mlangizi wokhala kutali ndi boma imamupulumutsa ulendo.

Wa ku Nkhamenya foni adali nayo, koma uthenga wotsimikizira sunkafika. Laputopu inkaonetsa manambala 2 oti awalembe pa foni, monga zakhalira kuyambira mu Meyi 2023, koma foni ili zii. Bandulo yomwe adagula idali ya WhatsApp yokha. Mauthenga a anzake ankalowa, ndiye iye ankaona ngati intaneti ilipo. Authenticator imafuna bandulo yotsegula intaneti yonse kuti ilandire uthengawo. Pali njira yosafuna bandulo: pa sikirini yolowera asankhe kulowa mwanjira ina, kenako Use a verification code, atsegule Authenticator, adine akaunti yake, alembe manambala 6 omwe akuoneka. Manambalawa amasintha masekondi 30 aliwonse ndipo amawerengedwa kuchokera ku wotchi ya foni, kotero foni yomwe nthawi yake idaikidwa ndi dzanja idzatulutsa manambala okanidwa. Pa mafoni ambiri a Android chosunga batire chimagonekanso Authenticator. Ichotseni pa mndandanda wa mapulogalamu ogonekedwa.

Bandulo yomweyi imasokonezanso anthu akapanga hotspot. Laputopu imaonetsa kuti Wi-Fi yalumikizika, koma Teams imabweretsa 0xCAA82EE2, nthawi yodikira yatha, kapena 0xCAA82EE7, dzina la seva silikupezeka. Tsegulani login.microsoftonline.com pa Chrome. Likakana kutseguka, siyani Teams, funsani kuti pa layiniyo pali bandulo yanji.

Mmodzi yekha ndiye adali ndi 50057, akaunti yozimitsidwa. Kontilakiti yake idatha mu Disembala ndipo yatsopano idali isanasainidwe ku Lilongwe. Imeneyo si ntchito ya mmisiri, ndipo mmisiri asayatse akaunti yotere popanda chilolezo cholembedwa cha oyang'anira antchito.

Pa Chrome zikuyenda, pa pulogalamu ayi

Otsalawo adalowa bwino pa InPrivate. Mmodzi adati walowanso pa pulogalamu koma magulu onse a kuntchito asowa. Atadina chithunzi chake pakona ya kumanja, padaoneka imelo yake ya Gmail: adalowa ndi akaunti ya Microsoft yaumwini, osati ya bungwe. Teams yamasiku ano imalandira mitundu yonse iwiri m'pulogalamu imodzi, ndipo munthu wothamanga amangodina dzina loyamba lomwe laoneka. Kutuluka n'kulowanso ndi imelo ya kuntchito kudathetsa nkhaniyo.

Wina adalandira laputopu ya munthu amene adasiya ntchito, ndipo Teams inkangokakamira dzina la wakaleyo. Windows imasunga akaunti ya kuntchito mu Settings, Accounts, Access work or school. Musanadine Disconnect, lembani dsregcmd /status. Ikaonetsa WorkplaceJoined: YES pomwe AzureAdJoined ili NO, kuchotsa akaunti yakaleyo kulibe ngozi. Koma AzureAdJoined ikakhala YES, laputopu yonse ndi yolembetsedwa ku bungwe, ndipo kuichotsa kungakutsekereni kunja kwa Windows ngati mulibe akaunti ina ya woyang'anira pa makinawo. Pamenepo choyenera ndi kuti mwini watsopano alowe mu Windows ndi dzina lakelake. Kugawana akaunti imodzi ya Windows pakati pa anthu awiri ndi chizolowezi chomwe maofesi ang'onoang'ono ayenera kuchisiya, chifukwa mafayilo ndi mauthenga a wakale amakhala poyera kwa watsopano.

Pomwe akaunti ili yolondola koma pulogalamu ikukanabe, tsekani Teams kuchokera pa kachizindikiro kake pafupi ndi wotchi, pitani ku Settings, Apps, Installed apps, Microsoft Teams, Advanced options, mudine Reset. Kufufuta zomwe zili mu %userprofile%\appdata\local\Packages\MSTeams_8wekyb3d8bbwe\LocalCache\Microsoft\MSTeams kumagwira ntchito yofanana. Muuzeni munthuyo musanadine kuti mauthenga ake satayika, ali ku seva, chifukwa ambiri amachita mantha akaona mawu ochenjeza. Malangizo ambiri a pa intaneti amatchulabe %appdata%\Microsoft\Teams. Imeneyo ndi ya Teams yakale, yomwe idasiya kugwira ntchito pa 1 Julayi 2025. Amene akadali nayo aichotse n'kuika yatsopano. Kukoperako kuchitike pa intaneti ya ku ofesi ya m'tauni, osati pa bandulo ya mlangizi kumudzi.

Laputopu yomaliza idakana zonsezi. Inkaonetsa 80090016, ndi uthenga wonena za Trusted Platform Module. Idali itangochokera kokonzedwa, komwe adaisintha motherboard. Windows imamangirira makiyi a ziphaso ku kachipangizo ka TPM komwe kali pa motherboard. Yatsopano idabwera ndi TPM ina, ndipo ziphaso zosungidwa zinkaloza makiyi omwe kulibenso. Mwini laputopu adatulutsidwa mu Windows, amisiri adalowa ndi akaunti ina ya woyang'anira, n'kupita mu foda ya munthuyo pa AppData\Local\Packages. Foda ya Microsoft.AAD.BrokerPlugin_cw5n1h2txyewy idasinthidwa dzina poonjezera .old kumapeto. Sizitheka mwiniwake ali mkati, popeza fodayo imakhala ikugwiritsidwa ntchito. Atalowanso, Windows idapanga foda yatsopano, Teams idafunsa pasiwedi ndi chitsimikizo, n'kutseguka. Zikadakanika, chotsatira chikadakhala kuchotsa chipangizocho mu Entra n'kuchilembetsanso. Clear TPM ndi njira yomalizira, ndipo isadinidwe kiyi ya BitLocker isanakoperedwe ndi kusungidwa kunja kwa laputopuyo.